Kuona Maso a Nkhono n'Kudekha, Makamaka Nkhonoyo Ikakhala ku Joni

Munthu amene anayamba kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha ayenera kuti anali mlesi wotheratu. Tangoganizani: dzinja lili pakati, anzake ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, iye bambo wamkulu ndi ndevu zake wanyonyomala pansi pa nthochi, kudikira kuti kanyama kopanda fupa katulutse tinyanga. Mkulu ameneyu ndakhala ndikumuseka kuyambira ndili ku pulayimale. Ndinaleka tsiku lina Lachisanu masana, titangotuluka mu mzikiti, pamene ndinadzipeza ndili pachulu kuseri kwa nyumba ya anganga kuno ku Namwera, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi awiri, tonse makosi titasolola, titazinga kafoni kong'aluka galasi, kudikira kuti nkhope ya mphwanga wa ku Johannesburg ituluke m'chigoba.

Tinadikira mphindi khumi. Chimene chinatuluka ndi chipumi chokha.

Kwa amene anakulira m'tauni, nkhono ili ndi tinyanga tinayi. Tiwiri tatifupi tam'munsi ndi tofufuzira njira, tiwiri titalitali tapamwamba ndi tomwe tili ndi maso kunsonga kwake. Ukaisiya osaisokoneza imatisolola pang'onopang'ono n'kuyamba kukuyang'ana. Ukangoikhudza ndi chala, maso onse lowu, mwini wake n'kubwerera m'nyumba. Mfundo imeneyi muisunge bwino, tiifuna kutsogoloku.

Kuno kwathu nkhani ya Joni si yachilendo. Mukakwera mapiri a Chowe kuchokera pa boma la Mangochi, n'kuyenda mpaka ku Chiponde pamalire ndi Mozambique, muloze nyumba iliyonse ya malata owala, mufunse kuti mwini wake ali kuti. Kawirikawiri yankho lake ndi limodzi. Agogo athu aamuna anapita pa Wenela kukakumba golide, mpaka ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Kenako kunabwera TEBA, nayo inatha mu 1988. Koma msewu wokha sunatsekeke. Anyamata akupitabe pa basi, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo otsalafe ntchito yathu ndi ija yakale yomweyi, yodikira.

Kale tinkadikira kalata. Inkayenda milungu, ikafika n'kuyamba kusaka mwana wa sukulu woti awerenge, ndipo mwanayo akakumana ndi liwu lovuta ankangolumpha kapena kuikapo lake. Akuluakulu aja sananame kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Mafoni a m'manja atafika, TNM mu 1995 ndi Celtel mu 1999, yomwe inasanduka Zain kenako Airtel mu 2010, tinaphunzira luso la kufulasha: kuimba kamodzi n'kudula msanga ngati wagwira mphika wotentha, kuti wa ku Joniyo aimbe yekha ndi marandi ake. Kuimba wekha kunja kunali kuwotcha mayunitsi. Unkangoti "Salaam aleikum", usanamve "Aleikum salaam" ndalama ya ndiwo yapsa.

Azungu anali atayamba kale kuonana nkhope pa kompyuta. Skype inabwera mu 2003, koma mapiri a Chowe sinawakwere kwenikweni, moti pamene eni ake a Microsoft anaitseka mu May 2025, kuno palibe anakhuza maliro ake. Zoom tinaimvera kwa anyamata a m'mabungwe nthawi ya Covid mu 2020, ndipo chomwe ndinaikondera n'chakuti yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40, nzeru yomwe ikanathandiza kwambiri pa milandu ya kwa amfumu. Yathu ife ndi WhatsApp. Inayamba kulola kuimba mu 2015, ndipo chakumapeto kwa 2016 inatsegula maso, kuti woimba ndi woyankha azionana. Apa m'pamene mudzi wonse unasanduka wa akatswiri oonera nkhono.

Phunziro loyamba ndi mawu awiri amene amalembedwa pagalasi ukangodina. Foni ikalemba kuti Calling, ndiye kuti mukuodira pakhomo popanda munthu: foni ya mnzanuyo yazima kapena ilibe intaneti. Ikalemba kuti Ringing, odi wanu wamveka ndithu, eni nyumba alimo, akungotsinana kuti akatsegule ndani. Anganga sadziwa kuwerenga Chingerezi, koma mawu awiriwa amawasiyanitsa ngati mbuzi zawo. Akaona kuti chilembo choyamba ndi chija chopindika ngati mwezi, amati, "Asiyeni, ali kuntchito." Akaona china chija cha miyendo iwiri koma osayankhidwa, amangoti "Mhm", ndipo mhm ameneyo ndi mlandu woti udzakambidwa munthuyo akadzabwera pa Idi. Sangawanamizenso kuti kumeneko unali usiku, pakuti Malawi ndi South Africa nthawi yake ndi imodzi. Ikakwana 2 koloko pa Namwera, pa Mayfair ku Johannesburg napo ndi 2 koloko.

Phunziro lachiwiri ndi lofunika kudekha nalo, chifukwa ndi pamene pagona mavuto onse. Mawu athu sayenda athunthu. Foni imawaduladula tizidutswa makumi angapo pa sekondi iliyonse, kalikonse n'kukaika m'kaphukusi kake, n'kutiponya ku nsanja ya netiweki. Kuchoka pamenepo timalowa m'nthambo zagalasi zoonda ngati tsitsi, ndipo poti dziko lathu silinafike ku nyanja yamchere, intaneti yathu imadzera kwa anansi, kukalumikizana ndi nthambo zazikulu monga SEACOM ya mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, zomwe zagona pansi pa nyanja ya Indian n'kutulukira ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Foni ya kutsidyako ndiyo imasonkhanitsa tiziphukusito n'kutilumikiza kuti tikhalenso mawu. Aliyense amene analandirapo bedi kuchokera ku Joni kudzera mwa matransipota wamva kale zimene ndikunena: kumutu kumafika mwezi uno, miyendo itatu mwezi wamawa, mwendo wachinayi akuti unatsala pa Beitbridge. Kusiyana kwake n'kwakuti mwendo wa bedi umadikiridwa. Kaphukusi ka mawu kakachedwa, foni siikayembekezera, imangokataya n'kupitiriza ndi timene tafika.

Ndiye tsiku lina mphwanga anati, "Sinditumiza ndalama mwezi uno." Kaphukusi kamene kananyamula "si" kanasochera, kaya pa Tete kaya pansi pa nyanja. Tonse asanu ndi atatu tinamva ndi makutu athu kuti, "Nditumiza ndalama mwezi uno." Azakhali anaimba nthungululu. Mlamu anakatenga nyama ya mbuzi pangongole. Anganga anandituma katatu kwa ejenti pa msika, ine n'kumakalipira mwana wa eni ake wosalakwa kuti ayang'anitsitse bwino m'makina mwakemo. Zilembo ziwiri zokha, koma ngongole yake tinabweza miyezi iwiri.

Tiziphukusi tikafika tonse koma mochedwa, pamabadwa vuto lina. Akatswiri a bungwe la ITU amati kuti anthu acheze bwino, mawu asamatenge nthawi yoposa mamilisekondi 150 kuti afike kwa mnzako, kutanthauza kanthawi kochepa ngati kuphethira. Akatswiriwo sanaimepo pachulu pathu. Apa mawu amatha sekondi ziwiri ali pa ulendo, ndipo moni wathu wa kuno mukumudziwa kutalika kwake: umafunsa za mwini wake, za kunyumba, za ana, za kuntchito, za amene akudwala ndi amene achira. Anganga akati m'Chiyao "Ajimwiche uli?" (mwadzuka bwanji?), mphwanga nayenso nthawi yomweyo akufunsa zomwezo. Mafunso awiri amawombana m'njira ngati njinga za kabaza pa kona. Onse amakhala chete kupatsana ulemu. Kenako onse pamodzi: "Yankhulani." Chete wina. Onse pamodzinso: "Ayi, yambani ndinu." Bandulo ikungotha, ulemu uli m'malo.

Pali tsiku lina anganga anakwiya zenizeni. Foni ya ku Joni inali pa sipika, choncho mawu awo amatuluka kumeneko n'kulowanso m'maikolofoni, n'kubwerera kuno patapita kanthawi. Anati, "Akupikana?" (mukumva?) Foni nayo, ndi mawu a nkhalamba, inati, "Akupikana?" Anatembenukira kwa ine: "Ndi mkazi wa ndani ameneyu akundiyeseza? Wakwatira osatiuza?" Ndinalongosola kuti ndi mawu awo omwe, monga zimachitikira munthu akakuwa m'phanga. Sanakhutire. Anati iwo mawu awo sali choncho, ameneyo ndi wamwano.

Chithunzi ndiye chimadya bandulo kangapo kuposa mawu. N'chifukwa chake netiweki ikafooka, foni imayamba yapereka nsembe nkhope kuti ipulumutse mawu. Munthu amayamba kuoneka ngati mukumuonera m'madzi a m'chithaphwi, kenako amasanduka timabokosi, kenako amauma. Kuumako n'kwakuti foni yasowa chithunzi chatsopano, ndiye ikungokuonetsani chomaliza chomwe inalandira. Ndipo sindikudziwa kuti makinawa anapangana ndi ndani, koma sauma munthu akumwetulira bwino. Amauma kukamwa kuli yasa, diso limodzi lili tsinzinu, ngati mbuzi yomwe yaona mpeni. Ana amathamangira kujambula galasilo, ndipo pofika madzulo chithunzicho chazungulira abale onse mpaka ku Durban.

Za kamera ndingonena mwachidule. Foni ili ndi maso awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, ndipo pali kabatani kotembenuzira. Amalume sanakapezebe. Chaka chathunthu mphwanga wakhala akucheza ndi zala za kumapazi kwawo. Anganga poyamba ankaika foni kukhutu monga mwa kale, mwana wa eni ake ku Johannesburg n'kumasuzumira m'khutu mwa agogo ake. Azakhali vuto lawo ndi kabokosi kakang'ono ka pakona komwe munthu umadzionera wekha. Amati akufuna kuona mwana, koma mphindi zonse amathera kukonza mpango.

Netiweki nayo ili ndi malo ake ngati bowa. Pa ife ili pachulu, kwa aneba ili pansi pa mtengo wa mango koma uyang'ane kum'mawa. Ukayandikira ku Chiponde foni imayamba kununkhiza nsanja za ku Mandimba, ndipo ambiri kumeneko amasunga simukhadi ya Movitel kapena Vodacom pambali pa ya kwathu. Makolo ankati mapanga awiri avumbwitsa, koma makolowo sanaonepo foni ya masimu awiri. Masiku ano wovumbwa ndi wa phanga limodzi.

Tsopano tibwerere ku mfundo ija ndinati muisunge.

Ndaona kuti netiweki ya ku Joni ili ndi makutu. Mukamakamba za mvula, za mpira, za amene wakwatiwa, chithunzi chimakhala mbee, ngakhale tsitsi la m'mphuno kuoneka. Koma wina angoti, "Achimwene, paja za feteleza zija..." Pomwepo nkhope imauma. Mawu amayamba kudukaduka mwaluso: "Ha... lo? Simu... kumve... ka." Kamera imazima, pagalasi n'kutsala chithunzi chakale cha mwini wake atavala magalasi akuda. Kenako pamabwera liwu lija lakuti Reconnecting, lomwe tanthauzo lake lenileni n'lakuti foni ikuyesa kulumikizanso, koma tanthauzo lake la kuno n'lakuti mwaikhudza nkhono. Tsiku lina mphwanga anachita kuuma yekha, osagwedezeka, kukamwa yasa monga mwa mwambo. Akanapambana, koma kumbuyo kwake kunadutsa mphaka.

Ndipo kamera imaonetsa chokhacho chimene mwini foni wailozetsa. Kwa miyezi yambiri mphwanga ankatiimbira atatsamira galimoto. Lero yoyera, sabata yamawa yofiira, ina yakuda yonyezimira. Azakhali anayamba kuyenda mwamatama pa msika. Anazindikira ndi mwana wa Sitandade 4, amene anafunsa kuti, "Nanga bwanji galimoto za ankolo zonse zimakhala zonyowa?" Kumbuyoko, pakona penipeni pa chithunzi, panali ndowa ndi chinkhupule.

Musafulumire kumuseka, chifukwa nafenso kuno ndife nkhono zomwezo. Mnyamatayu anatumiza ndalama za malata 30 kuti timalize nyumba yake. Ndalamazo zinakumana ndi chaka cha njala, zinakumana ndi matenda a azakhali, zinakumananso ndi mbuzi ya mlamu ija. Nyumba inaima pa mawindo, mkati mwake n'kumera chisoso. Ndiye akati, "Achimwene, tandionetsani nyumba," ine ndinkatembenuza kamera mwaulemu n'kuilozetsa ku khoma la aneba, omwe mwana wawo ali ku Cape Town ndipo ndalama zake sizikumana ndi zinthu panjira. "Koma ndiye yakongola," iye amatero ali pa galimoto ya eni ake. "Tikuyesetsa," ndimayankha ine ndili pa nyumba ya eni ake. Akafunsa kuti bwanji chitseko chayang'ana kumadzulo pomwe anati chiyang'ane kumsewu, netiweki ya ku Namwera nayo imadziwa nthawi yake yofookera.

Chimene chinatiyalutsa ndi msonkhano wa banja. WhatsApp imalola anthu mpaka 32 pa kuimba kumodzi, ndiye tinati tikambirane za sadaka ya malemu agogo aamuna tonse pamodzi: a ku Johannesburg, a ku Durban, a ku Lilongwe, ndi ife a pachulu. Munthu wa nzeru akafuna kunena za kumbali amadina mute, kabatani ka maikolofoni kamene kamatseka pakamwa pa foni, iwe n'kumamva anzako koma iwo osakumva. Amalume, eni mbumba, anaona ngati kuika foni m'thumba la mkanjo ndiye kutseka. Zokambirana zitatha sanadine batani lofiira lija. Analowetsa foni m'thumba, n'kuyamba kufotokozera mlamu, momasuka bwino, za yemwe ndi waumbombo mwa ana a ku Joni, za yemwe mkazi wake amamulamulira, ndi za komwe kunapita malata 30. Mizinda itatu inamvetsera mwachidwi. Tsiku limenelo palibe kaphukusi ngakhale kamodzi kanasochera. Netiweki inali ngati ya ku London.

Eni ake a WhatsApp amanena kuti kuyambira 2016 zonse zimene timalankhula zimakhala zokhomedwa ndi loko kuchokera pa foni yako mpaka pa foni ya mnzako, moti wapakati, ngakhale kampani yomwe, sangamve. Ndi nzeru yabwino ndipo ndikuilemekeza. Koma anaiwala kutipangira loko wa pachulu. Foni ili pa sipika, anganga akukuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya la dambo poganiza kuti Joni ndi kutali, amayi opita ku mjigo atula ndowa kuti apume pang'ono pomwepo. Akazitape a mayiko akunja sangamve chinsinsi chathu, zoona. Amva ndi a kwa mfumu Jalasi onse.

Pambuyo pa msonkhano uja panadutsa milungu itatu ya Ringing wosayankhidwa. Mauthenga ankaonetsa timizere tiwiri tabuluu, kusonyeza kuti awerengedwa, koma yankho njee. Ine ndinayesa kupepesa, ndinayesa kukalipa, ndinatumiza mawu ojambula a mphindi zisanu ndi ziwiri ofotokoza mtengo wa chimanga. Nkhono inali m'kati mwenimweni mwa chigoba.

Anganga ndiwo anati, "Ndipatse kuno, ndipo nonse muchoke." Ndinatsala ine ndekha monga wodina mabatani. Anayala mkeka pachulu, foni anaitsamiritsa ku mtondo, n'kuyamba kusenda nandolo. Ataimba kachiwiri, mphwanga anayankha, ataima pa galimoto ya buluu, nkhope ili gwa, kudikira mlandu. Anganga anamulonjera monga amachitira ndi adzukulu aamuna: "Amunanga, mwaswera?" Iye anayankha. Basi. Sanafunse za ndalama, sanatchule malata, sanapepesere amalume. Anangopitiriza kusenda nandolo, kamodzikamodzi n'kumadzutsa maso kuyang'ana pagalasi. Ine mtima unali pa bandulo. Ndinkachita kumva ma MB akutuluka ngati madzi m'ndowa yobooka.

Mphindi zisanu, palibe wolankhula. Mphwanga anakhosomola. Anasintha dzanja logwirira foni. Mwini galimoto ya buluu anabwera, n'kuichotsa, iye osasuntha kukafuna ina. Kenako anayamba kuyenda, chithunzi chikugwedezeka, mpaka analowa m'kachipinda n'kukhala pansi. Dzanja litatopa, foni inapendekeka yokha, ndipo tinaona zomwe sitinaonetsedwepo zaka zinayi: matiresi awiri pansi, nsapato za anthu osachepera anayi zitandandalikidwa kukhoma, kachitofu ka palafini, jekete litapachikidwa pa msomali. Zala zake zinali zotuwa ndi zosweka ndi sopo.

"Mwadya?" anatero anganga, maso ali pa nandolo.

"Ndidya madzulo."

"Mwaonda."

"Ndi kamera, anganga."

"Kamera yomweyi inkakunenepetsani chaka chatha."

Anaseka, ndipo kusekako kunathera kwina. Anayamba kulankhula yekha popanda womufunsa: za bwana amene anachepetsa masiku a ntchito, za pasipoti yomwe masiku ake anatha kalekale, za mmene amatembenukira njira ina akaona galimoto ya apolisi poopa kukathera ku Lindela, komwe amasungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, za kuzizira kwa mwezi wa June komwe sikufanana ndi kwa kuno ngakhale timati Namwera n'kozizira. Anganga amangoti "Mhm", koma mhm wina, osati wa mlandu uja. Atamaliza anandikodola.

"Tembenuza diso lakumbuyo. Muonetse nyumba yake. Yake yeniyeni."

Ndinatsika pachulu mwamanyazi, kuopa kuti netiweki ithawa, mwinanso kufuna kuti ithawe. Siinathawe. Ndinamuonetsa makoma ofika pa mawindo, chisoso, ndi nkhuku ya azakhali yomwe inaikira mazira pomwe payenera kukhala chipinda chochezera. Anayang'ana nthawi yaitali, moti ndinayesa kuti wauma.

"Achimwene," anatero pomaliza, "chitseko ndiye chayang'ana kumsewu."

Ndinabwerera pachulu kuti anganga atsanzike. Atangotsegula pakamwa, galasi linada, n'kubwera kauthenga kochokera ku kampani kondithokoza chifukwa chogwiritsa ntchito bandulo yonse.

"Wathawa?"

"Ayi anganga, bandulo yatha."

Anapukuta manja, n'kumasula mfundo ya pakona ya chitenje, momwe mumagona ndalama zomwe ngakhale chaka cha njala sichinazione. Anawerenga mapepala awiri opindapinda n'kundipatsira m'manja.

"Thamanga ukagule ina. Ndamuona diso limodzi lokha."